A Makwinja, Wokwatitsa Agalu

A Makwinja tinawaika mwezi wathawu, mvula isanayambe, ndipo pamanda paja ndinamva mabodza oti malemuwo akanadzuka n'kuwatsutsa okha. Wina anati anali munthu wofatsa. Wina anati anali wokonda anthu. Ine ndinangokoka nsalu n'kuphimba kukamwa, poti pamaliro saseka. Wokonda anthu? Bambo aja ankakonda agalu. Anthufe ankangotipirira, monga umapiririra utsi chifukwa ukufuna moto.

Amati wakufa sanenedwa zoipa. Ine ndikuti wakufa sanamiziridwa, zoipa kapena zabwino. Ndakhala nawo moyandikana kuyambira mwana wanga Esinati ali mbeta mpaka pano ali ndi imvi, pakati pathu pali kanjira kopita kumjigo basi. Ndiye ndiloleni ndiwanene monga ndinawadziwira. Ndipo amene munali pamaliropo munaona galu wokalamba, wofiirira moderako, wokhala ndi mzere wopanda ubweya kuzungulira khosi, akutsatira bokosi chapatali. Ameneyo ndi Chikopa. Musamuiwale, nkhani yanga yonse yagona pakhosi pakepo.

A Makwinja sanali a kuno. Anachokera ku Phalombe nthawi ya chipani chimodzi, pa lole ya matenanti, anthu aja olima fodya m'munda wa eni esiteti n'kumadikira malipiro fodya akagulitsidwa. Anzawo ankabwera n'kubwerera, iwo anakhalira. Mkazi wawo anakwera lole chaka china pamodzi ndi ana, osabweranso, ndipo mayi ameneyo ine sindimuimba mlandu. Kenako anakhala mlonda wa zigafa zoyanikamo fodya. Matipate atabwera, aliyense atayamba kulima fodya wa bale pakhomo pake, esiteti ija inayamba kufota mpaka inatsekedwa. Mudzi wathu unawamvera chisoni, unawalozera kamalo m'mphepete mwa dambo. Tinkayesa tikulandira nkhalamba imodzi. Sitinawerenge michira.

Agaluwo ankachokera kuti? Tenanti akafika pa esiteti amafuna kagalu kolondera nkhuku ndi komuperekeza kumunda. Chaka chikatha, lole ikabwera kudzawatenga, dalaivala amalola mphasa, ndowa, njinga, ngakhale nkhuku za m'dengu, koma galu ayi. Ndiye lole imanyamuka, agalu pambuyo, fumbi lili kobo, kuthamangira mpaka kumsewu waukulu malilime ali panja. Akatopa amabwerera kumisasa yopanda anthu, aliyense n'kukagona pakhomo pa mbuye wake. Njala ikawapweteka amayamba kulowa m'midzi mwathu, kugwira anapiye, kuba m'miphika, kuopseza ana kumjigo. Ife tinali nazo njira zathu: mwala, chibonga, kapena mkute wothira mankhwala opopera fodya. Zinthu zinkatha choncho bwinobwino, mpaka a Makwinja anaganiza zokhala mayi wa agalu onse a m'boma la Mchinji.

Ankayenda mtunda, kulowera uku kwa Zulu, kwinaku kwa Dambe, kulikonse kumene amva kuti lole yanyamula anthu. Pobwera ali ndi wina paluzi, wina m'manja, wina akutsatira patali chifukwa sanawakhulupirire. Ankati galu wosiyidwa samugwira tsiku loyamba. Umakhala pansi chomufulatira, n'kuika chakudya kumbuyo kwako, mpaka iye mwini aganize zoti anthu sanathe onse. Nkhalamba yathunthu kukhala padzuwa pamsasa wopanda anthu, kufulatira galu. Munda wawo uli thengo.

M'mawa ankalawira kuchigayo ndi katsache, kukasesa gaga wogwa pansi, mpaka anyamata a pachigayo anawazolowera ngati mphaka. Tsiku la msika ankakhala patsinde pa mtengo wophera mbuzi atatchera chitini, kudikira magazi ndi zotaya. Gagayo ankamuyanika, n'kumuthira m'matumba a feteleza, n'kupachika kudenga. Matumba amenewonso muwakumbukire, tibwererako. Galu aliyense anali ndi phale lakelake, mapalewo ali mndandanda kukhonde ngati ana a sukulu. Ankati galu wodyera pamodzi ndi anzake amaphunzira kuluma asanaphunzire kuuwa. Ankawasambitsa ndi madzi a ombwe, n'kumawazula nkhupakupa ndi zala zomwezo zimene akupatse nazo moni. Jasi lawo la ulonda lija silinaonepo sopo. Kutchalitchi benchi yawo inali yawoyawo, ngakhale pa Khirisimasi pamene ena tinkakhala pansi.

Ndipo dzuwa likafika pamutu, kaya kuli mlandu, kaya kuli ukwati, kaya thupi likutsikira m'manda, a Makwinja ankanyamuka. Nthawi yodyetsa yakwana. Tsiku loika mwamuna wanga ananyamuka adzukulu asanathire dothi. Ndinawaona ndi maso angawa, misozi ili chuchuchu, jasi lija likulowa m'mitengo ya kumanda.

Sindikunena kuti anthu ankawachitira zabwino. Atangodziwika kuti amasunga agalu, aliyense amene galu wake waswa anapeza dzala. Tiana tatimuna anthu ankagawana, tatikazi ankatimangira m'thumba n'kukasiya pakhomo pa a Makwinja iwo ali kuchigayo. Koma nkhalamba ija inkadziwa agalu onse a m'midzi muno ndi mawanga awo. Lamulungu anthu akutuluka m'tchalitchi, ankamuyandikira mwini thumba pagulu, thumbalo atalipinda bwinobwino.

"Achimwene, munaiwala thumba lanu kwathu. Za m'katimo ndasunga."

Apo ndinkaseka nawo, sindikana.

Nkhuku ikasowa mudzi uno, mlandu unali wawo, ngakhale nthenga zitapezeka kuseri kwa nyumba ya mwana wa mwini nkhuku. Ena ankati agalu aja si agalu, ndi afisi owayendetsa. Aphunzitsi ena aakazi anayesako kuwathandiza, kumawabweretsera mankhwala a zilonda, koma anthu atayamba kuwatchula kuti mkazi wachiwiri wa a Makwinja analeka. Alenje nawo ankabwera kudzapempha agalu a uzimba. Iwo ankawafunsa ngati adzawadule makutu ndi kuwadyetsa mavu kuti aluse. Mlenje akangoti ndi mmene timachitira, ankamulozera njira.

"Madala, agalu onsewa mudzawadya?" anafunsa mlenje wina.

"Iwe ana ako onse aja udzawadya?"

Chaka china, patapita nthawi itatha njala yaikulu imene ndikuuzeni kutsogoloku, galu wachiwewe anadutsa kudambo n'kuluma mmodzi wa agalu awo. Mudzi wonse unapita ndi zibonga kuti tikathane nawo onse. Tinawapeza ataima pakhomo la khola, mpini uli m'manja. Anati agalu awo onse amawatengera kudibi kukabayitsa katemera chaka ndi chaka, ndipo zinali zoona, tonse tinkawaona akudutsa atawamanga mndandanda paluzi ana akuwaimba nyimbo pambuyo. Anati wolumidwayo ndi mlendo, sanabayitse, ndiye amupha okha, munthu wina asamukhudze. Anamutengera kuseri. Tinamva kamodzi kokha. Otsalawo anawatsekera m'khola mpaka mwezi unaoneka wina. Koma chimene ndikufuna mumve ndi ichi: potuluka kuseri kuja anali akulira. Munthu amene sanadikire dothi la mwamuna wanga.

Tsono agalu ochuluka choncho sakanawasunga onse, ankawagawa. Koma mawu oti kugawa ankawakana. Ankati galu sapatsidwa ngati dzungu, amakwatiwa. Ukafuna galu, sunkangopita n'kuloza. Ankayamba abwera kwanu, osati kamodzi, nthawi zina osanena. Ankayang'ana kumene mayi wa pakhomo amataya makoko a mumphika. Ankayang'ana ana, ngati manja awo amathamangira mwala galu akadutsa. Ankafunsa za galu wanu wakale, kuti anafa bwanji, ndipo munamutaya kuti. Akakhutira, ankayala mphasa pakhomo pawo n'kunena malamulo: asamangidwe ndi waya, asagone ndi njala pakhomo pamene pafuka utsi, abayitsidwe, ndipo ngati mwatopa naye kapena mukusamuka, mumubweze mmene munamutengera, masana, kudzera pakhomo.

Ndipo pamphasapo pankafunika nkhoswe. Nkhoswe ya galu, anthuni. Osatinso munthu wamba. Ankafuna munthu amene manda a kwawo ali pomwepo, chifukwa ankati aona zambiri, munthu wobwera ndi lole amapita ndi lole.

Umo ndi mmene ndinalowera m'nkhaniyi. Mkamwini wanga Lufeyo, mwamuna wa Esinati, anali mnyamata wolimbikira, wa ku Dowa. Anatsegula dimba kudambo kwathu, n'kufuna galu. A Makwinja anabwera, anayang'ana makoko, anayang'ana ana, kenako anati Lufeyo ndi mkamwini, mudzi uno si wake, abwere ndi apongozi ake. Esinati anadzandiuza akuseka. Inenso ndinapita ndikuseka, ndinakhala kumapeto kwa mphasa chofulatira mkamwini wanga monga mwa mwambo, ndipo atandifunsa ngati ndikuvomera kuimira kagalu kofiirira kaja, Chikopa, ndinati eya, ndavomera, mundiuzenso tsiku la chinamwali chake. Aliyense anaseka kupatula iwo.

Chikopa anakula bwino pakhomo pa Esinati. Ankaperekeza ana kusukulu, ankagona pakhola la mbuzi. A Makwinja ankabwera kudzamuona ngati mmene malume amayendera mwana wokwatiwa, kumutsegula kukamwa, kumupapasa nthiti. Akakumana nane panjira, moni wawo unali umodzi: "Ankhoswe, mwana ali bwanji?" Ine ndinkayankha kuti akusinja.

Kenako inafika njala ija. Amene munaiona simufuna kukumbutsidwa. Nkhokwe zinatha mvula isanagwe. Tinadya mango osapsa ophika, tinakumba zitsa za nthochi n'kusinja. Maliro ankagundana, adzukulu okumba manda mpaka manja anatupa. Mbuzi tinagulitsa pamtengo wa nkhuku. Pakhomo pathu chiyembekezo chinali chimodzi: chimanga cha kudimba kwa Lufeyo. Anachibzala nthawi yotentha, kuthirira ndi ndowa mpaka mapewa anasupuka, ndipo mvula itayamba chinali chitabereka, ndevu zikuyamba kuuma. Chimanga chimenecho ndicho chikanatiolotsa mpaka zakumunda zitacha. Ine, Esinati, ana atatu, ndi Lufeyo mwini.

Koma maso a mudzi wonse anali pomwepo, ndi a midzi ina. Lufeyo sakanakhala kudimba nthawi zonse, ankafunanso ganyu. Ndiye anatenga Chikopa n'kukamumanga pamtengo pakati pa dimba. Chingwe anatafuna, luzi anatafuna, ndiye anamumanga ndi waya wa buleki ya njinga. Galuyo ankauwa, akuba ankaopa, chimanga chinkakhwima. Kudya ankadya chiyani? Chimene tinkadya ife: pafupifupi palibe.

Tsiku lina masana ndili kukhonde ndikusenda chitsa cha nthochi, ndinamva odi.

"Odi, ankhoswe."

"Ankhoswe a yani?"

"A Chikopa. Kuli mlandu kudimba. Tiyeni."

"A Makwinja, anthu akufa. Dzulo lomweli taika mwana wa kwa a Nazimbiri."

"Ndinaliko. Tiyeni."

Ndikanakana, koma anangoima pomwepo osakhala pansi, anthu n'kuyamba kusuzumira. Ndinapita kuti manyazi athere kutchire. Esinati anatitsatira mwana ali kumsana.

Mudziwe kuti kuno kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso. Tikakumana panjira wina amapatukira paudzu. Mawu amadzera mwa mwana wamkazi. Zaka zonse zija Lufeyo sanamvepo ine ndikumudzudzula, ndipo ine sindinamvepo iye akukweza mawu. Ulemu umenewo ndiwo umasunga mkamwini pamudzi wa eni. Titafika kudimba, Lufeyo atandiona, anafuna kulowa m'chimanga. A Makwinja anamuitana.

"Iwe Lufeyo, bwera kuno. Ankhoswe, khalani apa. Mlandu sauweruza chofulatirana."

Anatikhazika pamzere umodzi, pafupi moti ndinkamva kupuma kwa mkamwini wanga. Chikopa atawaona anayesa kuimirira, miyendo yakumbuyo inakana. A Makwinja anagwada, n'kukweza waya uja ndi chala. Unali utalowa m'nyama kuzungulira khosi lonse. Panagwa mphutsi.

"Ankhoswe, tayang'anani."

Ndinayang'ana kumbali.

"Ndati tayang'anani. Mwana wanu uyu."

Lufeyo anayankhula maso ali pansi. "Madala, galuyu ali pantchito. Tonse tikuvutika. Ine amene ndadya liti?"

"Iwe njala ikakupweteka umanyamuka kukafuna mango. Uyu anyamuka bwanji?"

"Ndikamumasula athawira kwanu. Kwanu kuli gaga."

"Ndiye wadziyankha wekha."

"Chimangachi chatsala pang'ono. Taonani ndevu. Mutisiyire mpaka tithyole, kenako mumutenge, mukamugoneke ngakhale pabedi."

"Pofika pothyola mukhala mukulondetsa mtembo. Ine ndamva mmene akuuwira masiku ano. Si kuuwa kumene kuja."

Esinati anagwada. "Agogo, ndiye tipatseni wina. Muli nawo ambiri."

A Makwinja anapukusa mutu. Anati pakhomo pamene mwana walephereka satumizapo mng'ono wake mlandu usanathe. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Ankhoswe, munalonjeza chiyani pamphasa yanga?"

"Ndinalonjeza ndikuseka."

"Ine sindinkaseka. Wamangidwa ndi waya kapena sanamangidwe?"

Ndikanati chiyani? Waya ali pomwepo, mphutsi zili pansi. Ndinati wamangidwa.

"Wolakwa ndani?"

Ndinayang'ana pansi. Anafunsanso. Anthu anali atafika kale, ataima kuseri kwa mpanda, chifukwa ngakhale pa njala anthu sasowa mphamvu zoonerera. Ndipo ine, ndi pakamwa pangapa, pamaso pa mudzi, ndinati wolakwa ndi mkamwini wanga. Chifukwa cha galu.

Ndisabise, poti ndati wakufa sanamiziridwa. A Makwinja anati iwo eni adzalondera dimbalo mpaka tithyole, ulonda ndiyo ntchito yawo. Koma taganizani, nkhalamba ya chifuwa, yoti dzuwa likafika pamutu inyamuka kukadyetsa agalu. Lufeyo anaimirira, koyamba kukweza mawu ine ndili pomwepo.

"Inu? Chifuwa chanucho akuba adzachimva ali ku Ludzi. M'dimba mwanga simulowa munthu wondivula pamaso pa apongozi. Tengani galu wanu."

A Makwinja anamasula waya uja pang'onopang'ono, kumunong'oneza galuyo, n'kumukulunga m'jasi, n'kumunyamula ngati khanda. Anadutsa pakati pa anthu osayang'ana aliyense. Sanayang'anenso chimanga chija ngakhale kamodzi.

Lufeyo anasiya ganyu n'kusamukira kudimba. Anakhala komweko ndi chibonga, maso ali gwa, kuwonda ngati bango. Tinkathyolako pang'onopang'ono chanthete kuti ana asakomoke, koma chambiri tinkadikira kuti chilimbe. Ndiye anamwalira mlongo wanga, malume ake a Esinati. Mkamwini angasowe bwanji kumanda a malume a mkazi wake? Anapita kukathandiza kukumba. Tonse tinali kumeneko, dzuwa lili ng'a. Pobwera tinapeza mpanda wagwetsedwa, mapesi ali chiimire opanda kanthu. Anatenga ndi maungu omwe, ngakhale tating'onoting'ono tokhala ndi duwa kumutu. Pamtengo paja waya anali akulendewerabe.

Galu akanakhalapo, akanauwa. Kumanda ndi pafupi, tikanamva. Zimenezo palibe angandichotse m'mutu.

Lufeyo sanalire, sanatukwane. Anati akupita ku Chipata kukafuna ganyu. Anatumiza kathumba ka ufa kamodzi kudzera mwa anyamata a njinga odutsa malire, kenako zii. Tinamva kuti ali pafamu ina, kenako kuti anakwatira komweko. Ena amati akanapitabe, amuna ambiri anapita chaka chimenecho. Mwina. Koma ambiri anabwerera zakumunda zitacha. Mkamwini amabwerera kumene kuli ulemu wake. Wa Lufeyo unatsala pansi pa mtengo uja. Mwana amene anali kumsana tsiku lija pano ali kusukulu, ndipo bambo wake amangomudziwa dzina.

Tsono imvani mmene nkhalamba ija inamalizira kundinyoza. Lufeyo atapita, tilibe chilichonse, ana atasiya ndi kulira komwe, ndinaona jasi likubwera pakanjira ka kumjigo, beseni lili pamutu. Anatula pakhomo pa Esinati.

"Esinati, phikira ana."

Anali gaga. Gaga wa m'matumba aja a kudenga, wosesedwa pansi pa chigayo, wonunkha utsi ndi makoswe. Chakudya cha agalu. Ndinanyamuka kuti ndikalitaye beseni lija kumaso kwawo, koma ndinaona maso a ana ali pabeseni. Ndinakhala pansi. Esinati anapeta, anasefa, anaphika. Beseni lija linabweranso, n'kubweranso, mpaka dowe wa kumunda anacha. Sanalankhulepo za dimba, sananenepo pepani. Miyezi imeneyo agalu awo ankafa mmodzimmodzi, chifukwa matumba sakanakwanira mbali zonse, ndipo aliyense ankamukumbira kadzenje kuseri kwa nyumba. Chikopa yekha ndi ena ochepa anapulumuka. Adzukulu anganso onse atatu anapulumuka.

Anthu amati, a Nabanda, ndiye muziwathokozatu. Ndithokoze chiyani? Munthu akakugwetsera nkhokwe m'madzi n'kumakutolera maso a chimanga m'manja, umamuvinira? Tinali ndi dimba lathu, thukuta lathu, mwamuna pakhomo. Anatisiya tikudya gawo la agalu, n'kumadziwa kuti supuni iliyonse ya phala imene mwana wameza, kuseri kwawo kukukumbidwa dzenje. Ngongole yotero sailipira, ndipo saikhululukira.

Njala itatha anayambiranso: kuchigayo, kumsika, kumaesiteti otsala, mphasa, ankhoswe. Anthu anayamba kuwaopa pang'ono, ndipo ndivomere kuti m'midzi ino waya pakhosi pa galu simumuonanso kawirikawiri. Koma Chikopa sanamuperekenso kwa wina. Bala litapola anakhala galu wokongola, anthu ankamupempha. Iwo ankati ameneyo ali ndi kwawo, mlandu wake sunathe, nkhoswe yake ili moyo. Ine panjira ndinasiya kuwayankha moni. Iwo sanasiye kupereka. "Ankhoswe, mwana ali bwino, akupereka moni." Zaka zonsezi.

Chifuwa chija chitawakulira chaka chino, anadziwa. Anayamba kuwaperekeza agalu awo mmodzimmodzi, ndodo ili m'manja, kupuma patsinde pa mtengo uliwonse. Ngakhale pamenepo sanachepetse malamulo. Wina anamukaniza chifukwa mwana wa pakhomopo anatola mwala, nkhalamba yoti mawa lake ingafe. Atafika pongogona osathanso kudzuka, amayi a mphakati wa tchalitchi tinagawana masiku okawaphikira phala. Tsiku langa litafika ndinapita, chifukwa ndi lamulo la mpingo, osati la mtima wanga. Ndinawapeza pamphasa ija, jasi atafunda, Chikopa ali kumiyendo. Mapale onse anali ouma kupatula limodzi.

"Ankhoswe, mwabwera."

"Ndabwera ndi phala la mphakati. Dzukani mumwe."

"Mwana wanu uyo."

"Ine ndilibe mwana wa miyendo inayi. Mwana wanga ali uko, alibe mwamuna."

Anatsokomola nthawi yaitali. Ndinayesa mwina tsopano anena mawu aja ndakhala ndikuwadikira.

"Samadya zotentha," anatero. "Mano anatha. Muzimuziziritsira."

"A Makwinja, mufa osapepesa?"

"Wayayo anali m'nyama, a Nabanda. Munaona nokha."

"Ndipo chimanga chija simunachione?"

"Ndinachiona. Chinali chabwino." Anatseka maso. "Manda a kwanu ali pano. Inu simukwera lole."

Ndinawamwetsa phala lija, ndinatsuka kapu, ndinatuluka. Sitinayankhulanenso.

Abale awo a ku Phalombe sanabwere, sitikudziwa ngati uthenga unafika. Jasi tinawaika nalo, palibe akanalifuna. Maliro atatha, Esinati anayesa kumukoka Chikopa ndi luzi kuti abwere kwathu. Anafika pakanjira ka kumjigo n'kukhala pansi. Pakhomo pathu salowa, ndipo sindingamunamizire kuti walakwa. Ndinafunsa ngati pali womufuna. Onse anandiyang'ana ine, ena akuseka, akuti ali ndi nkhoswe yake ameneyo, ife tisalowerere za m'banja. Apo ndi pamene nkhalamba ija inandimangira, ndi mfundo yoti ngakhale imfa yake sinamasule.

Pamalo paja pano pali zii. Chitseko anachimanga ndi luzi, denga layamba kulowa pakati, mvula ikalimba ligwa. Kudenga kukulendewera matumba opanda kanthu, makoswe anamaliza. Ombwe wakula mpaka pazenera poti palibe womuthyola. Kuseri kuli timitumbira tija, tambirimbiri, udzu wayamba kumera pamwamba, ndipo amene adzalime pamenepo khasu lake lidzamuuza. Kuchokera pakhonde, tinjira ta agalu timwazikira mbali zonse, ta kudambo, ta kumsewu, ta kuchigayo, ndipo tikutsekeka kamodzikamodzi. Mapale aja amayi anawavundikira mndandanda wonse kuti asasunge udzudzu. Lotsegula ndi limodzi, lakumapeto.

Dzuwa likafika pamutu ndimadutsa pamenepo ndi kambale. Ndimayamba ndaziziritsa. Ndimakhuthulira m'phalemo osamuitana dzina, iyenso sandigwedezera mchira. Amadikira ndifulatire, ndiye amadya. Akatha amabwerera pachitseko chomangidwa chija, n'kugona khosi lija lili poyera. Nthawi zina lole ikamveka kumsewu waukulu amadzutsa mutu n'kutchera khutu mpaka phokoso litazilala. Inenso ndimaima, kambale kali m'manja, kumvetsera ngati iima.